Nambala za kutsogolo pa ikweshoni zimachokera kuti? Thandizeni, mayeso ayandikira

Kamtsikana_Fomu3
Akuluakulu ndi anzanga a pagulu pano, kemisitiri yandiimitsa mutu. Pa tesiti anatipatsa H2 + O2 → H2O kuti tibalanse. Nditawerenga ndinapeza kuti kumanzere kuli ma H awiri ndi ma O awiri, pomwe kumanja kuli ma H awiri koma O imodzi yokha. Ndiye ndinawonjezera ka 2 kumapeto, ikhale H2 + O2 → H2O2. Mbali zonse zafanana bwinobwino. Koma aphunzitsi anandithetha, n'kulemba kuti yankho ndi 2H2 + O2 → 2H2O. Yangayi yalakwika pati? Nanga ma 2 a kutsogolowa amawatenga kuti? M'kalasi mwathu tilimo ambiri, ukafunsa kawiri anzako amayamba kung'ung'udza.

Chimz265
Iwe ingoloweza basi. Maikweshoni a m'buku ndi omweomwewo. Ine ndinakhoza MSCE choncho.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Mwana wanga, kuwerenga kwakoko kulibe vuto, mbali ziwirizo zafananadi. Chimene chavuta n'chakuti wapangacho si madzi. H2O ndiwo madzi. H2O2 ndi hydrogen peroxide, mankhwala aja amachita thovu akawathira pachilonda, omwenso ku saluni amasinthira mtundu wa tsitsi. O imodzi yokha imene wawonjezerayo yasandutsa chinthucho kukhala china.

Tinambala tating'ono ta m'munsi timanena mmene chinthu chinapangidwira, ndipo sitikhudzidwa. Njinga ili ndi matayala awiri. Ukafuna matayala anayi umabweretsa njinga ziwiri, suwotcherera matayala ena pa njinga yomweyo. Nambala yaikulu ya kutsogolo ndiyo imanena kuti njingazo zilipo zingati, ndipo ndi yokhayo uli ndi ufulu woisintha.

Tsono tiye pang'onopang'ono. Okosijeni mumpweya amayenda awiriawiri, n'chifukwa chake timalemba O2. Molekyu imodzi ya madzi imangofuna O imodzi. Ndiye O2 imodzi ikukwanira mamolekyu awiri a madzi, lemba 2H2O. Ka 2 ka kutsogoloko kamachulukitsa zonse zimene zili pambuyo pake, choncho kumanja ma H akhala 4, ma O akhala 2. Kumanzere ma H adakali awiri. Ika 2 kutsogolo kwa H2, akhale 4. Werenganso: H 4 uku, H 4 uko, O 2 uku, O 2 uko. Watha.

A Chimz265, kuloweza kumamusiya mwana panjira tsiku limene mayeso abwera ndi ikweshoni imene sanaionepo.

Kamtsikana_Fomu3
Zikomo kwambiri aphunzitsi, za H2O2 ndazimva. Koma n'chifukwa chiyani mbali ziwirizi ziyenera kufanana? Ndi lamulo la a MANEB kapena?

Aphunzitsi_aku_Dedza
Si la MANEB, ndi la chilengedwe. Mu riyakishoni maatomu satha ndipo sabadwa atsopano. Amangosiyana ndi anzawo akale n'kugwirana ndi ena. Amene analowa ndi omwewo amatuluka, ndiye kulemera kwa zonse pamodzi sikusintha.

Wamakala_pa_Zalewa
Pepani aphunzitsi, ine sukulu ndinalekezera panjira koma apa ndikana. Thumba la makala limandipinda msana pokweza panjinga. Mayi akaphikira mpaka kutha, phulusa lake silidzaza ndi kabeseni komwe. Mukati palibe chimene chimatha, kulemera konse kuja kwapita kuti? Anawa tiziwauza zoona.

Chimz265
Eya, funso ndi limenelo. Yankhani akuluakulu.

Injiniya_Nchalo
Achimwene a makala, funso lanulo linavutitsa anthu ophunzira kwa zaka zambirimbiri, musalipeputse. Kulemera kuja kwakwera m'mwamba ngati mpweya umene maso saona. Makala mbali yaikulu ndi kaboni, ndipo akamayaka zimachitika ndi izi: C + O2 → CO2. Magalamu 12 a kaboni amagwirana ndi magalamu 32 a okosijeni wochokera mumpweya, n'kutuluka magalamu 44 a carbon dioxide. Taonani, 12 kuphatikiza 32 ndi 44 ndendende. Moti mpweya umene umatuluka m'thumba lanu lija ukanati ugwidwe wonse n'kuuika pasikelo, ukanalemera kuposa thumbalo pafupifupi katatu. Phulusa ndi timchere timene mtengo unayamwa m'nthaka, timene sitiyaka.

Amene anaikonza nkhaniyi ndi Antoine Lavoisier wa ku France. Iye ankawotcha zinthu m'mabotolo otseka kuti mpweya usathawe, n'kumayeza kulemera asanawotche komanso atawotcha, ndipo sikelo sinkasintha. Anazilemba m'buku lake la mu 1789. Patangopita zaka zisanu, mu 1794, anadulidwa mutu pa chipwirikiti cha ndale cha dziko lakelo, koma lamuloli ndi limene mwanayu akulimbana nalo lero.

Pali zinanso zimene zimachita kulemera zikapsa, chifukwa zotulukazo sizithawa. Kachitsulo ka magnesium kakayaka ndi kuwala kothobwa m'maso kuja, kaufa koyera kotsalako kamalemera kuposa kachitsuloko. Magalamu 24 amasanduka 40, chifukwa atenga 16 a okosijeni: 2Mg + O2 → 2MgO.

Wamakala_pa_Zalewa
Ndiye kuti mpweya umalemera? Chabwino, ndamva. Koma kuti uposa thumba katatu, pamenepo ndiganizirabe.

Namwino_waUsiku
Poti mwatchula makala, ndiloleni ndiikepo mawu, chifukwa ikweshoni iyi ine ndimakumana nayo kuntchito nyengo yozizira ya June ndi July. Ija alemba a Injiniya imachitika mpweya ukakhala wokwanira. Mukalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo, okosijeni amachepa, ndipo zimachitika ndi izi: 2C + O2 → 2CO. Kusiyana kwa CO2 ndi CO ndi O imodzi yokha, koma CO, amene ndi carbon monoxide, ndi poizoni. Alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa. Amakakamira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala okosijeni, ndipo amagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako amangogona osadzukanso.

Ana asukulu amene mumawerenga usiku mutayandikira mbaula, chonde, zenera likhale lotsegula, ndipo pogona mbaula itulutsidwe panja. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda chotero, mutulutseni kaye panja kenako thamangirani naye kuchipatala.

NaBanda_wa_Chigumu
Anamwino mwanena zoona, kwathu kuno tinaikapo maliro a zomwezo. Ena amati makala akasiya kufuka ndiye kuti alibenso vuto. N'zoona?

Namwino_waUsiku
Ayi mayi, si zoona. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe CO.

Injiniya_Nchalo
Ndipo kamoto kabuluu kamene kamavina pamwamba pa makala kaja ndi CO yemweyo akupsa atakumana ndi mpweya: 2CO + O2 → 2CO2. Ana a Fomu 3, werengani ma O mbali zonse, mupeza 4 ndi 4.

NaBanda_wa_Chigumu
Inetu ndili ndi langa funso. Ndimaphika chigumu chogulitsa pasukulu. Ndikathira soda chimafufuma, koma dzanja likapitirira chimachita chikasu chakuda, n'kumamveka ngati sopo m'kamwa. Imeneyinso ndi kemisitiri yanuyi?

Aphunzitsi_aku_Dedza
Ndi yomweyi mayi, ndipo mumaichita tsiku ndi tsiku. Soda wanuyo ndi NaHCO3. Akatenthedwa amasweka: 2NaHCO3 → Na2CO3 + H2O + CO2. CO2 ndiye amapanga timabowo m'chigumu n'kuchikweza. Na2CO3 amatsalira momwemo, ndipo ndi amene amabweretsa kakomedwe ka sopo ndi mtundu uja. Mukathirako chowawasa pang'ono, monga madzi a ndimu kapena chambiko, asidiyo amagwirana ndi soda, mpweya umatuluka wambiri ndipo za sopo zija zimachepa. Mudzapeza kuti soda wochepa akukwanira.

Mbumba_ya_Ntcheu
Soda ameneyu watiwonongera ndiwo. Amayi athu therere ankaphikira chidulo, chokoma kutalitali. Masiku ano nkhwani soda, nyemba soda, chilichonse soda.

NaBanda_wa_Chigumu
Nkhuni zake zili kuti zoti nyemba zikhale pamoto tsiku lonse, achemwali? Soda amatipulumutsa.

Namwino_waUsiku
Amafewetsadi msanga, koma amawononga mavitamini ena m'masamba, makamaka vitamini C. Ndipo chidulo chimachita chimodzimodzi, musachiyamikire kwambiri.

Injiniya_Nchalo
Zoona. Madzi a phulusa ali ndi potassium carbonate, K2CO3, m'bale wake wa Na2CO3 uja. Onse ndi alkali. N'chifukwa chake chidulo chimaterera m'zala.

Mbumba_ya_Ntcheu
Kaya ndi pachibale, koma kukoma n'kosiyana. Pamenepo ndiye simundigonjetsa.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za therere zili bwino koma mwana uja akudikira thandizo la mayeso. Tibwerere.

Kamtsikana_Fomu3
Zikomo. Ya madzi ndaimvetsa, koma zikakhala zazitali ndimasokonezeka poyambira. Mwachitsanzo C3H8 + O2 → CO2 + H2O. Ndikakonza uku, uko kwawonongeka.

Wa_Chaka_Chachitatu_Zomba
Mng'ono wanga, imeneyo ndi propane, gasi wina wa m'masilinda ophikira. Chinsinsi chake n'chakuti chinthu chimene chaima chokha, monga O2 apa, uzichisiya chikhale chomalizira, chifukwa ukachisintha sichisokoneza china chilichonse. Yamba ndi C. Kumanzere alipo 3, ndiye lemba 3CO2. Pita kwa H. Alipo 8, ndipo madzi amatenga awiriawiri, ndiye 4H2O. Tsopano werenga ma O a kumanja: 3CO2 ili ndi 6, 4H2O ili ndi 4, onse 10. Poti amabwera awiriawiri, ndi 5O2. C3H8 + 5O2 → 3CO2 + 4H2O.

Nthawi zina ma O amatuluka osagawika pawiri. Ethane, C2H6, imapereka 2CO2 ndi 3H2O, ma O 7. Pamenepo lemba 3½O2, palibe chovuta.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Apa ndisiyana nanu pang'ono achimwene. Kuyunivesite mumalemba theka chifukwa mumawerenga mamole (muyezo wa mamolekyu ochuluka zedi, osati imodziimodzi), ndipo n'zololedwa. Koma mwana wa Fomu 3 amene akuphunzira kumene kuti O2 ndi maatomu awiri ogwirana, mukamuuza za theka la molekyu mumubweza m'mbuyo. Ine ndimawauza kuti theka likhale la papepala loyeserera. Poyankha achulukitse zonse ndi 2: 2C2H6 + 7O2 → 4CO2 + 6H2O.

Wa_Chaka_Chachitatu_Zomba
Koma aphunzitsi, akadzafika pa mamole adzafunikabe kuzolowera.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Adzazolowera akadzafika. Lero ayambe waona maatomu athunthu.

Madamu_a_CDSS
Ndikugwirizana ndi a ku Dedza, ndipo ndiwonjezere za ife amene timaphunzitsa kopanda labu. Ana athu ambiri amafika Fomu 4 asanagwirepo test tube, ndiye ikweshoni kwa iwo ndi zilembo za pabolodi chabe. Ine ndinasiya kudikira zipangizo.

Ndimawatuma atole zitsekerero za mabotolo zamitundu yosiyana. Zofiira ndi okosijeni, zoyera ndi haidrojeni, zakuda ndi kaboni. Pa desiki timajambula muvi ndi choko. Kumanzere amayala ma H2 ndi ma O2, kenako amawaphwasula n'kumanga H2O kumanja. Lamulo ndi limodzi: chitsekerero chisatsale ndipo chisabwerekedwe kwa oyandikana nawo. Mwana amene wamanga H2O imodzi amapezeka wagwira chofiira chimodzi m'manja, akusowa pochiika. Nkhope yake imasintha pomwepo, amatenga yekha H2 yachiwiri popanda womuuza. Ka 2 kamene mwanayu akufunsa kamachokera m'dzanja limenelo.

Za a makala zija timaziyesanso. Botolo lapulasitiki la malita 2 la zakumwa za gasi, theka la kapu ya viniga, ndi tiyisupuni imodzi ya soda yokulunga m'katishu. Timayeza zonse pa sikelo ya digito yobwereka, timaponya soda, n'kutseka msanga. Thovu limawira, botolo limalimba gwa, koma nambala ya pasikelo siyenda. Tikatsegula, mpweya umatuluka kuti psii, ndipo nambala imatsika pang'ono. Musayese ndi botolo lagalasi, komanso musachulutse soda.

China ndi waya wotsukira mapoto uja wofewa. Mumunyowetse, mumukanikize pansi pa tambula yagalasi, muivundikire m'mbale ya madzi. Pakapita masiku angapo waya wachita dzimbiri ndipo madzi akwera m'tambulamo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Dzimbiri ladya okosijeni, amene ndi 21 peresenti ya mpweya. Kwa asidi ndi alkali timawiritsa chidede chofiira: madzi ake amafiira kwambiri mukathira ndimu, mukathira chidulo amatembenukira kobiriwira.

Chimz265
Zonsezo n'zabwino madamu, koma pamayeso sakupatsani zitsekerero. Nthawi ndi yochepa. Woloweza amamaliza msanga.

Madamu_a_CDSS
Zitsekerero ndi za masabata oyamba. Zikalowa m'mutu sazifunanso.

Aphunzitsi_aku_Dedza
A Chimz265 sakunama kotheratu ayi. Zoloweza zilipo, koma si maikweshoni. Mwana aloweze zizindikiro za maelementi 20 oyambirira, kuphatikizapo zosocheretsa zija: Na ndi sodium, K ndi potassium, komanso Fe ya chitsulo, Cu ya kopa, Pb ya mtovu. Aloweze asanu ndi awiri oyenda awiriawiri: H2, N2, O2, F2, Cl2, Br2, I2. Kenako mavalensi, manambala osonyeza kuti atomu ili ndi manja angati ogwirira anzake. Ana ambiri amene ndimawachonga salephera kubalansa, amalephera fomula. Akalemba MgCl m'malo mwa MgCl2, ngakhale awerenge maatomu mpaka belu kulira, yankho ndi lolakwa. Aluminium ali ndi valensi 3, okosijeni 2, mukasinthanitsa mupeza Al2O3. Fomula ikakhala bwino, kubalansa ndi masamu a Sitandade 4.

Mlimi_waku_Mchinji
Ndakhala ndikungowerenga. Ine mwana wanga akuti kemisitiri aisiya chifukwa adzakhala mlimi ngati ine. Ndimuuze chiyani? Kumunda zimenezi zimagwira ntchito?

Injiniya_Nchalo
Bambo, mutengereni ku thumba la yureya mumuonetse pamene palembedwa 46% N. Nambala imeneyo mwana wa Fomu 3 akhoza kuipeza yekha. Yureya ndi CO(NH2)2. Kulemera kwa maatomu ake: kaboni 12, okosijeni 16, manaitrojeni awiri 28, mahaidrojeni anayi 4, zonse 60. Naitrojeni ndi 28 mwa 60, imene ndi 46 peresenti ndi kakusefukira. Ndiye m'thumba la makilogalamu 50, chakudya chimene chimanga chikufuna ndi makilogalamu 23.

Tsono alangizi akamati bayani dzenje, thirani, kwirirani, chifukwa chake ndi ichi: CO(NH2)2 + H2O → 2NH3 + CO2. Yureya akakhala pamtunda pa dothi lonyowa, tizilombo ta m'nthaka timamuphwanya, ndipo NH3, amene ndi ammonia, ndi mpweya. Naitrojeni amene mwagula modula uja amauluka. Akakwiriridwa, dothi limamugwira.

Feterezayonso amachokera ku ikweshoni ya m'buku la mwana wanuyo, N2 + 3H2 → 2NH3. Naitrojeni ndi 78 peresenti ya mpweya umene tikupumawu, koma chimanga sichingamutenge chokha. Fritz Haber ndi Carl Bosch a ku Germany ndiwo anapeza njira yomugwirira, ndipo fakitale yoyamba inayamba ntchito mu 1913.

Mlimi_waku_Mchinji
Anyamata aganyu amangomwaza pamwamba kuti amalize msanga. Chaka chino ndiziyenda nawo pambuyo. Mwanayo ndimuonetsa uthengawu madzulo ano.

Mbumba_ya_Ntcheu
A Injiniya, nanga thobwa likagona n'kuyamba kuwawasa ndi kuchita thovu?

Injiniya_Nchalo
Thovulo ndi yisiti akudya shuga: C6H12O6 → 2C2H5OH + 2CO2. Mowa ndi mpweya. Ndi riyakishoni yomweyo imene amapangira ethanol kuchokera ku molasesi ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuno. Kuwawasako ndi mabakiteriya amene amapanga asidi, imeneyo ndi riyakishoni ina.

Kamtsikana_Fomu3
Ndayesa ya dzimbiri ndekha, Fe + O2 → Fe2O3. Ma O anali 2 uku, 3 uko, ndiye ndinafuna nambala imene 2 ndi 3 onse amalowamo, ndi 6. Ndalemba 3O2 ndi 2Fe2O3. Ma Fe kumanja akhala 4. Yankho langa ndi 4Fe + 3O2 → 2Fe2O3. Aphunzitsi ndichongereni.

Aphunzitsi_aku_Dedza
Wakhoza, ndipo njira ya 6 ija waipeza wekha. Ingokumbukira kuti dzimbiri la pakhasu kapena pamalata limafunanso madzi, n'chifukwa chake limakula nthawi ya dzinja. Akakufunsa zofunika kuti chitsulo chichite dzimbiri, utchule zonse ziwiri, okosijeni ndi madzi.

Mnyamata_wa_Fomu4_Mzuzu
Ine zimandisokoneza ndi za mabulaketi. Ca(OH)2 + HCl → CaCl2 + H2O. Ka 2 ka kunja kwa bulaketi ndi ka H yekha kapena?

Madamu_a_CDSS
Ndi ka zonse za m'katimo. Ca(OH)2 ili ndi Ca imodzi, ma O awiri, ma H awiri. Imeneyo ndi laimu wopaka nyumba uja. Yamba ndi Cl: kumanja alipo awiri, ndiye 2HCl. Tsopano werenga ma H onse a kumanzere, a mu laimu ndi a mu asidi, undiuze madzi akhala angati.

Mnyamata_wa_Fomu4_Mzuzu
Awiri kuphatikiza awiri, 4. Ndiye 2H2O. Ma O nawonso akwana awiri mbali zonse.

Madamu_a_CDSS
Eya. Tsopano nonse awiri yesani iyi, yovutirapo: Al + H2SO4 → Al2(SO4)3 + H2. SO4 musaiphwasule, muiwerenge ngati chinthu chimodzi poti ikupezeka yathunthu mbali zonse. A ku Zomba ndi a Injiniya musayankhe, asiyeni ana alimbane nayo mpaka mawa.